Udzudzu Umayenera Kuluma Kawiri

Tonsefe tinaloweza kupulayimale kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Mfundoyi tinakhoza nayo mayeso, koma ambiri sitinafunsepo kuti n'chifukwa chiyani waukazi wokha. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidziwiretu kuti tsiku lina mwana adzatifunsa funsoli, ndiye ndi bwino tiliyankhe tisanagwire choko.

Udzudzu waumuna suluma munthu, umangomwa timadzi totsekemera ta m'maluwa. Waukazi nawo umamwa timadzito, koma kuti mazira ake akhwime umafunika magazi. Ukakhuta umakapuma, n'kukaikira mazira pamadzi, kenako umabweranso kudzafuna magazi ena, kawirikawiri pakangopita masiku awiri kapena atatu.

Ambiri timaganiza kuti udzudzu uli ngati jakisoni amene amatunga magazi a wodwala n'kuthira mwa munthu wina usiku womwewo. Sizili choncho. Ukaluma wodwala, tizilombo ta Plasmodium timalowa m'mimba mwake, timaswana m'menemo, kenako timasamukira kumene kumachokera malovu ake. Ulendowu umatenga masiku pafupifupi 10 mpaka 14, ndipo umafulumira kukamatentha. Ronald Ross ndiye anayamba kuona tizilomboti m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Udzudzu wambiri umafa masikuwa asanakwane. Choncho kuti malungo afale, udzudzu umodzi uyenera kuluma wodwala, kupulumuka kwa masabata pafupifupi awiri, n'kudzalumanso munthu. Ukaluma ng'ombe, tizilombo ta malungo a anthu sitipita patali.

N'chifukwa chake mtundu wa udzudzu ndi wofunika kwambiri. Kuno ku Malawi tili ndi Anopheles funestus ndi Anopheles gambiae, amene amakonda magazi a munthu kuposa a chiweto. Amatipeza potsatira mpweya umene timatulutsa popuma ndi fungo la thukuta, makamaka la kumapazi. Amalowa m'nyumba, amaluma usiku kwambiri anthu ali mtulo, ndipo akakhuta amatera pakhoma. Wachitatu, Anopheles arabiensis, sasankha kwenikweni. Amaluma munthu kapena ng'ombe, m'nyumba kapena panja.

Tikamvetsa zimenezi tiona kuti neti yonyikidwa m'mankhwala si chotchinga chabe ayi. Munthu wogona mkatimo ali ngati nyambo. Udzudzu umabwera potsatira fungo lake, umatera pa neti, n'kukhudza mankhwala. Kupopera mankhwala m'makoma nako kumadalira chizolowezi chake chopuma pakhoma. Njira ziwirizi siziyenera kupha udzudzu wonse kuti zithandize. Zikangofupikitsa moyo wake kuti usakwanitse masiku aja, tizilombo timafera mwa iwo. Ndipo neti ya mnzathu wodwala imatiteteza ifenso, chifukwa imalepheretsa kuluma koyamba kuja. Amene amawedzera usipa kapena kutchingira masamba kudimba ndi neti sakudziika pangozi yekha.

Koma neti imagwira ntchito munthu akalowamo basi. Udzudzu wina umaluma madzulo anthu asanagone, wina mbandakucha, wina panja pamene palibe neti kapena khoma. Vutoli likutikhudza ife ophunzira kuposa mmene timaganizira. Nyengo ya mayeso timakhala padesiki mpaka pakati pa usiku, titavala patapata, mapazi ali mumdima pansi pa tebulo, pamene Anopheles amakonda kuluma munthu wokhala pansi. Ena timacheza pakhonde la hositelo pofuna netiweki. Neti yathu imakhala ili chipindire pamwamba pa bedi pa maola amene imafunika kwambiri.

Sitikunena kuti tisiye kuwerenga. Tivale sokosi ndi zovala zofika m'miyendo, titseke mawindo dzuwa likamalowa, ndipo ngati n'kotheka tiwerengere m'neti momwemo. Mnzathu wa m'chipinda akayamba kutentha thupi, timuperekeze akayezetse tsiku lomwelo, ndipo akabwerako tionetsetse kuti neti yake yatsitsidwa ndi kupisidwa pansi pa matiresi.