Injini ya asibweni

Pa Mwenilondo msewu wa M1 sudutsa patali ndi nyanja. Ukatsika minibasi yochokera pa boma la Karonga n'kulowera kum'mawa, suchedwa kumva fungo la usipa uli pathandala. Kugombe kumeneko n'kumene asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ankakocheza boti lawo la matabwa. Kumbuyo kwa botilo kunkakhala Yamaha Enduro ya mahatchi 15, injini imene anaigula atagulitsa ng'ombe. Inkadyetsa makomo ambiri: lawo, a alovi okoka ukonde wa chilimira, ndi la siginala amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku kuitana usipa.

Chaka china thabwa la kumbuyo kwa boti linayamba kufumbwa, ndiye analikokera kumtunda kuti mmisiri alikonze. Ine ndinali nditangobwerako ku Mzuzu ndi maganizo anga. Ndinagula migolo ya pulasitiki ya malita 200, n'kuindandalika mizere iwiri, pamwamba pake n'kukhoma matabwa, kenaka mabenchi ndi kadenga ka lona. Ndinkati pontuni imeneyi izinyamula alendo obwera kudzapitidwa mphepo kunyanja Loweruka ndi Lamulungu. Chinasowa chinali injini basi, ndipo ya asibweni inali itangokhala pachitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Asibweni, mundibwerekeko injini masiku awiri okha. Pajatu boti lili pamtunda."

Anakhala chete akusoka ukonde. Kenaka anati, "Mphwanga, injiniyi inazolowera boti lija. Chinthu chakocho wachiyeza?"

Ndinati inde. Kunena zoona ndinangochiyang'ana ndi maso.

"Tenga. Koma uimange chingwe, ndipo mwera ukangoyamba ubwerere."

Zimene ankatanthauza ponena za kuyeza ndinadzazimvetsa zinthu zitaipa kale, choncho ndizifotokoze pano. Injini za paboti zimasiyana kutalika kwa mwendo, uja umatsikira m'madzi n'kukathera ku pulopela. Pali za mwendo waufupi, zopangira thabwa la kumbuyo lotalika mainchesi 15, ndi za mwendo wautali, za mainchesi 20. Pamwamba penipeni pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala ngati chikhatho. Kameneko kamayenera kulingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo pang'ono. Kakakhala m'mwamba, pulopela imakoka mpweya m'malo mwa madzi. Injini ya asibweni inali ya mwendo waufupi. Thabwa limene ine ndinakhoma kumbuyo kwa pontuni linali m'mwamba, chifukwa migolo yopanda katundu imayandama kwambiri. Komanso pakati pa mizere iwiri ya migolo madzi sayenda mosalala monga amachitira pansi pa boti. Amawinduka, amachita thovu, ndipo m'thovu limenelo ndi m'mene ndinaika pulopela.

Thabwa lenilenilo linali la paini, lofewa, lokhoma ndi misomali. Paboti la asibweni zomangira ziwiri za injini zinali zitadya mtengo wolimba n'kudzikumbira malo ake, moti injini inkangokhazikika ngati mphika pamafuwa. Pathabwa langa ndinamanga ndi manja mpaka zala kuwawa, osadziwa kuti paini amafinyika injini ikayamba kunjenjemera, ndipo chimene wamanga m'mawa masana chimakhala chitakhwefuka. Chingwe chija ndinachitenga. Ndinachiponya pansi pa benchi n'kumati ndimanga tikangochoka pamchenga.

Unali mwezi wa Julaye. M'mawa nyanja inali bata, mapiri a Livingstone tsidya la Tanzania akuoneka bwinobwino. Tinakwera anthu atatu kuti tikayese kaye alendo asanafike: ine, mnzanga wina, ndi mnyamata mmodzi mwa alovi a asibweni. Mafuta ndinasakaniza bwino, theka la lita ya oilo pa malita 25 a petulo, ndipo injini inalira pa kukoka kwachiwiri.

Zizindikiro zinayamba tisanafike patali. Ndikapotoza mpini, injini inkakuwa kwambiri koma pontuni ikungokwawa. Kafunde kakadutsa pansi, kulira kunkakwera mwadzidzidzi ngati galimoto imene matayala ake akungozungulira m'matope. Mnyamata uja anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti, "Achimwene, injini sikukodza bwino." Asodzi amatero ponena timadzi timene timatuluka chakumbuyo kwa injini kusonyeza kuti madzi oziziritsa akuzungulira. Timadzito tinkabwera n'kuduka, kubwera n'kuduka, chifukwa timabowo tolowera madzi tili cha pomwepo pamwendo, ndipo nato tinkameza mpweya. Kampira kopopa madzi, kamene amakaniko amati impela, sikachedwa kupsa kakazungulira kouma.

Apa mpamene ndikanabwerera. M'malo mwake ndinauza anzangawo kuti asunthire kumbuyo, kuti kulemera kwawo kumize pulopela. Zinathandiza pang'ono, ndipo ndinaona ngati ndachita zanzeru. Koma tsopano anthu atatu ndi injini ya makilogalamu pafupifupi 40 tinali mbali imodzi, kutsogolo kutadzuka, mphepo ikulowa pansi pa matabwa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja kuno sanaiwale za kulemera kokhala pamalo olakwika. Pa 30 Julaye 1946 sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Chitimba, kumwera kwa Chilumba, ndipo anthu 145 anatsikira nayo. Ambiri amene analemba za ngoziyo amati inali yolemera kumwamba. Imeneyo inali sitima yachitsulo yopangidwa ndi akatswiri, ndipo mwezi wake unali womwewu wa mwera. Ine ndinali pa migolo.

Mwera unayamba dzuwa litakwera ndithu. Suchenjeza kwenikweni: umangoona nyanja yada chakumwera, mphindi zochepa mafunde ayera pamwamba. Ndinakumbukira mawu a asibweni n'kukankha mpini kuti tikhote tibwerere kugombe. Pokhotapo funde linanyamula kumbuyo, pulopela inatuluka m'madzi ikuzungulira mwamphamvu, kenaka inalumanso madzi chammbali. Ndinamva mpini ukundisomphoka m'manja. Injini inapendekeka, chomangira chimodzi chinatsetsereka pathabwa, chinacho chinang'amba paini. Paipi ya mafuta inakokeka n'kuduka. Ndinaona chivundikiro chotuwa chija chikulowa m'madzi injini ikadali kulira, kenaka thovu, kenaka zii. Chingwe chinali pansi pa benchi pomwe ndinachisiya.

Pontuni yopanda injini ili ngati tsamba. Boti limakhala m'madzi, koma iyo imakhala pamwamba pa madzi, ndipo denga la lona lija linasanduka thanga. Tinali ndi nkhafi imodzi yokha. Ukapalasa mbali iyi chinthucho chimangozungulira pomwepo. Nangula tinalibe, majekete oyandamitsa tinalibe, ndipo mnzanga uja anandiuza nthawi yomweyo kuti satha kusambira. Tinang'amba lonayo ndi mpeni, n'kugona chafufumimba pamatabwa, mphepo ikutikankhira chakumpoto, gombe lathu likucheperachepera. Mafunde ankasefukira pamwamba n'kutinyowetsa, migolo ikulira m'zingwe zake. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti mgolo umodzi ukangomasuka, ina yonse itsatira.

Anatipulumutsa ndi asodzi a boti lina amene ankathawa mwera womwewo kubwerera kudoko. Anatiponyera chingwe osalankhula zambiri n'kutikokera kumtunda, kutali ndi pomwe tinanyamukira. Ndinabwerera kwa asibweni wapansi, zovala zikuuma pathupi.

Ndinawapeza ali pomwe paja. Uthenga unali utafika kale.

"Nonse mwabwera?"

"Tonse, asibweni."

"Chingwe unamanga?"

Sindinathe kuyankha. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusoka.

Mwamwayi tinali tisanafike pakuya, ndipo mnyamata uja anali atasunga malo poyang'ana mitengo ya kumtunda. Nyanja itadekha patapita masiku atatu, anyamata odziwa kumira anaipeza injini itagona mumchenga n'kuikoka ndi zingwe. Makaniko wa pa boma atatsegula anandionetsa zonse ali phee. Anati injini ikagwera m'madzi imafuna kuithamangira ikangovuulidwa: kuchotsa mapulagi, kukhuthula madzi, kutsuka ndi mafuta, n'kuiliza tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire. Yathuyi tinaivuula madzulo n'kuigoneka usiku wonse, poganiza kuti iume. Choipa koposa, inamira ikulira, ndiye inameza madzi, ndipo madzi safinyika ngati mpweya. Kachitsulo kolumikiza pisitoni kanali katapindika. Mchenga unali paliponse, impela itapsa kale isanamire n'komwe.

Boti la asibweni linatha kukonzedwa sabata yotsatira, lokongola, phula lake latsopano. Linakhala pamchenga miyezi iwiri lopanda injini pamene tinkasakasaka zipangizo ndi ndalama zake. Usiku uliwonse wa mdima nyali za anzawo zinkayala panyanja ngati tauni, m'mawa mabeseni a usipa akutsika m'maboti a eni. Alovi a asibweni anabalalika, ena anapita ku Ngara kukafuna ganyu. Mkazi wa siginala ankandipatsa moni mwaulemu tikakumana kuchigayo, ndipo moni umenewo unkandipweteka kuposa chipongwe. Migolo ija ndinaigulitsa kwa amayi osungira madzi, ndalama yonse n'kukapereka kwa makaniko, koma sinafike ngakhale theka.

Tsiku lobwezera injini paboti asibweni anandiitana. Tinainyamula awiri, mutu m'mwamba pulopela pansi, monga anandiuzira, kuti madzi otsalira mumwendo asabwerere m'kati. Itakhala pathabwa latsopano anatulutsa tepi m'thumba n'kundipatsa.

"Yeza, mphwanga. Kuyambira apa mpaka pansi."

Ndinayeza n'kuwauza. Anawerama, anayang'ana kachitsulo kophwatalala kaja, anamanga zomangira zonse ziwiri n'kuzilumikiza ndi waya kuti zisapotoke zokha. Kenaka anandipatsa nsonga ya chingwe, ina atamanga kale pamtanda wa boti, ndipo anaima pambali kundiyang'ana mpaka nditamaliza mfundo yachiwiri.