PHUNZIRO LA MAKOLO: MBEWU NDI DOTHI M'MANJA MWA ANA

Chizimalupsa chikagwa, fungo la nthaka yonyowa likamveka m'mudzi, akuluakulu amaganiza za makasu ndi mbewu, pamene ana aang'ono amathamangira kuchulu ndi kudambo kukatapa dothi. Madzulo amabwera ali matope okhaokha, m'manja atanyamula ting'ombe topindika miyendo, ndipo kawirikawiri chimene amalandira pakhomo ndi mawu aukali, mwina ndi kamkwapulo komwe. Amayi amadandaula za sopo. Abambo amati mwanayo ngwosamva. Koma ndi m'nyumba zowerengeka za Akristu m'mene kholo limafunsa chimene mwana wakaphunzira kudamboko, ngakhale kuti tsiku limenelo waphunzira zambiri kupambana zimene akadamva atakhala phee pamkeka.

Mwana wa zaka 3 kufikira 7 sadziwa chinthu pongochimva ndi makutu. Amachidziwa akachigwira, akachinyamula, akachiswa ndi kuchiumbanso. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata chake cha 1965 chotchedwa Gravissimum Educationis, udaphunzitsa kuti makolo, popeza ndiwo adapatsa ana moyo, ndiwonso aphunzitsi awo oyamba ndi aakulu. Makolo ambiri akamva mawu amenewa mumtima amachita mantha, pakuti amati sukulu adalekezera panjira ndipo mabuku alibe. Mantha amenewo alibe maziko. Sukulu ya mwana wamng'ono imafuna chitini, nyemba zochepa, dothi, madzi, ndi munthu wamkulu wodziwa kudikira.

Zimenezi adaziona bwino Maria Montessori, dokotala wachikatolika wa ku Italy. Pa 6 Januwale 1907 adatsegula nyumba ya ana m'dera la anthu osauka lotchedwa San Lorenzo, mumzinda wa Roma. Ana ake anali a anthu aganyu, ozolowera kutsala okha usana wonse ndi kulemba makala pazipupa. Iye sadawalalikire. Adawapatsa timipando tolingana ndi msinkhu wawo, timatsache, madzi osambira m'manja ndi zinthu zoti azigwira ndi kusanja, ndipo ana omwe aja ankatchedwa osokoneza adayamba kukhala pa ntchito imodzi nthawi yaitali popanda wowaopseza. Mu 1954, mumzinda womwewo, Sofia Cavalletti ndi Gianna Gobbi adatenga njira imeneyi nailowetsa m'katekisimu: ana ankamva fanizo la Mbusa Wabwino akusuntha ndi manja awo tinkhosa ndi kambusa tosema pamtengo. Zimene amayi amenewa ankachita kusemetsa kwa amisiri, mwana wa kumudzi amaziumba yekha kuchulu, ndipo amakalipiridwa.

ZITINI ZITATU

Nyengo ino, pamene mbewu zili pafupi kulowa m'nthaka, kholo lipezere mwana zitini zitatu zoboola pansi, ndipo mwanayo azidzaze yekha ndi dothi louma la pamalo amodzi. M'chitini chilichonse abzalemo nyemba 5. Choyamba achithire madzi nachiike pakhonde pofika dzuwa. Chachiwiri chikhale pambali pake, koma chosathira madzi ngakhale dontho. Chachitatu achithire madzi monga choyamba, koma achivundikire ndi nkhali kuti m'kati mukhale mdima. Asanachoke pamalopo, kholo limfunse kuti, "Mwanawe, ukuganiza kuti ziyambe kumera ndi ziti?" Yankho lake lisakonzedwe, ngakhale likhale lolakwa. Nyemba zomwezo ndizo zidzamkonze.

M'mawa uliwonse mwana aziika kamwala kamodzi pafupi ndi zitinizo, kuti masiku aziwerengeka ndi miyala. Apa ndiye pali mayeso, ndipo mayesowo ngakholo kupambana mwana. Tsiku lachiwiri mwana adzafuna kufukula kuti aone. Aloledwe kufukula nyemba imodzi yokha: adzaipeza itatupa, khungu litafewa. Zinazo azisiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Miyala ikakwana 7 kapena kupitirirapo pang'ono, nkhani imakhala itaoneka poyera. M'chitini chouma mulibe kanthu. M'chitini cha padzuwa muli timbewu tatifupi, tolimba, tobiriwira. Koma akavundukula nkhali, mwana amadabwa, ndipo makolo ambiri amadabwa naye: nyemba za mumdima zamera, zatalika kuposa zinzake, koma ndi zowonda, zachikasu, zosatha kuima zokha. Chifukwa chake n'chakuti nyemba imanyamula kamba wake m'zibanthu zake ziwiri, ndipo kuti imere imafuna chinyontho, mpweya ndi kufunda, osati kuwala. Kuwala kumafunika pambuyo pake, pamene kamba watha. Pakuti tsamba limabiriwira likaona kuwala, ndipo ndi kubiriwira kumeneko limapanga chakudya cha mmera kuchokera ku madzi ndi mpweya. Mmera wa mumdima umataya mphamvu zake zonse potalika, kufunafuna kuwala kumene sukukupeza. Mwana auchotse pansi pa nkhali nauike pamalo owala koma osaomba dzuwa laukali: patapita masiku awiri kapena atatu adzaona masamba ake akuyamba kubiriwira.

Katekisiti aliyense akamva zimenezi, maganizo ake amathamangira ku Yohane 8:12 ndi ku mawu a Ambuye onena za kuwala. N'zoona, fanizo lilipo. Koma asafulumire kulalika. Mwana wa zaka 4 amene wangovundukula nkhali akufuna kuyang'ana, sakufuna ulaliki; ndipo akaphunzira kuti chodabwitsa chilichonse chimathera pa kudzudzulidwa, adzaleka kudabwa. Mawuwo adzamupeza pa nthawi yake, mwina pokonzekera Ukaristia woyamba, ndipo adzapeza malo okhalapo kale. Chimodzimodzi ndi Yohane 12:24, pamene Ambuye akunena za mbewu yogwa m'nthaka ndi kufa. Mwana amene waona zibanthu za nyemba zikutuluka pamwamba pa dothi, zikufota tsiku ndi tsiku mpaka kuthothoka pamene mmera ukukula, safunanso womasulira wambiri.

Wofuna kuona mizu aike kansalu konyowa m'botolo loonekera m'kati, ndi kupanikiza nyemba pakati pa nsalu ndi galasi, ina chagada, ina chozondoka. Muzu ndiwo umayamba kutuluka, ndipo nyemba iikidwe mulimonse, muzuwo umakhota n'kuloza pansi.

Asaganize munthu kuti zimenezi ndi masewera chabe. Abambo amene asunga mbewu ya chimanga cha makolo kuchokera chaka chatha angathe kupatsa mwana njere 20, kuti azikulunge m'chiguduli chonyowa ndi kuziwaza madzi tsiku lililonse. Patatha mlungu umodzi mwana awerenge zomera. Zikamera 18 kapena 19, mbewuyo njabwino. Zikamera 10 zokha, banja ladziwa mvula isanakhazikike kuti theka la mbewu yake n'lakufa, ndipo lingathe kufuna ina m'malo modzataya masiku ndi kupakiza. Mwana amene kuwerenga kwake kwapulumutsa munda saiwala kuwerenga. Ndipo pakhale wina wonyoza ntchito yowerenga njere, akumbutsidwe za Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustine Woyera, amene kuyambira 1856 mpaka 1863 ankabzala ndi kuwerenga nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Anthu a nthawi yake sadasamale zimene adapeza. Koma mu 1900, iye atamwalira kale, akatswiri adazindikira kuti adatulukira malamulo a m'mene mbewu ndi ziweto zimatengera maonekedwe a makolo awo.

Chenjezo lisasowe. Mbewu ya m'sitolo yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala, ndipo isafike m'manja mwa ana. Nsatsi nazo zili ndi ululu woopsa, ngakhale zimakongola ngati mikanda. Kamwana kosakwana zaka 3 kamaika nyemba m'mphuno, m'khutu kapena m'kamwa, kotero kuti kakhale pamsana pamene akulu ake ali pa ntchitoyi.

KHOLA LA KRISIMASI

Ntchito yachiwiri imagwa bwino m'milungu ya Adiventi. Pa Krisimasi ya chaka cha 1223, Francis Woyera wa ku Assisi, ali pamudzi wa Greccio, adafuna kuona ndi maso ake umphawi umene Mwana wa Mulungu adabadwiramo. Adapempha kuti akonze chodyera cha ziweto ndi udzu, abweretse ng'ombe ndi bulu, ndipo Misa idachitika pomwepo, anthu atazungulira ndi miyuni. Mwambo wa khola udafalikira kuchokera pamenepo. Pa 1 Disembala 2019 malemu Papa Francis adapita ku Greccio komweko nalemba kalata yotchedwa Admirabile Signum, yolimbikitsa mabanja kuti asataye mwambowu.

Masiku ano khola limaoneka kutchalitchi kokha, ndi zifanizo zogula zimene ana amaletsedwa kukhudza. Si kulakwa, pakuti zifanizozo n'zodula. Koma khola limene limaphunzitsa mwana ndi limene waumba yekha, ngakhale Yosefe wake atakhala wamkulu mutu ndipo bulu wake atafanana ndi fisi.

Dothi labwino limapezeka pachulu kapena kumtapo kumene amayi oumba mbiya amatapa. Mwana alichotse timiyala ndi mizu, alikande ndi madzi pang'onopang'ono mpaka lileke kumatirira m'manja. Poliyesa, apote kanjoka kolingana ndi chala nakapinde: kakathyoka msanga, mchenga wachuluka, kakapindika bwino, dothi lakhala. Agogo amene adaumbapo miphika amadziwa kuti dothi lonona kwambiri limafuna kusakaniza ndi mchenga pang'ono kapena phale losinja, ndipo ntchito imeneyi ndi mwayi woti mdzukulu akhale pansi pamapazi awo. Miyendo ya ziweto ilimbitsidwe ndi timitengo m'kati.

Pano palinso chofufuza. Mwana aumbe ng'ombe ziwiri zofanana, ina aiyanike padzuwa, ina mumthunzi. Ya padzuwa kawirikawiri imang'aluka, chifukwa dothi limachepa madzi akamachoka, ndipo kunja kukauma msanga pamene m'kati mukadali mwauwisi, kunjako kumang'ambika. Ya mumthunzi imachedwa masiku atatu kapena anayi, koma imauma yathunthu. Zouma bwino zingathe kupakidwa phulusa loyera, makala osinja kapena dothi lofiira la katondo. Kuotcha pamoto si ntchito ya ana, ndipo pa khola la nyengo imodzi sikufunika konse.

Cholakwa chachikulu cha makolo okonda ana awo n'chakuti amalanda ntchito. Amayi akaona nkhosa yopanda khosi amati, "Bwera nayo kuno ndikukonzere," ndipo posakhalitsa khola lonse limakhala la amayi, mwana ataima poteropo manja ali kumbuyo. Khola lotero limakongola ndithu, koma mwana watengapo phunziro limodzi lokha, lakuti manja ake ngachabe. Ng'ombe ikathyoka mwendo, kholo lifunse kuti yathyokeranji, ndipo limsiye aumbe ina. Mneneri Yeremiya, pa mutu 18, adatumidwa kunyumba ya woumba mbiya, naona kuti chiwiya chikaonongeka m'manja mwake, woumbayo sataya dothi koma amaumbanso china. Mwana amene wakandanso ng'ombe yake yothyoka wayamba kale kudziwa kanthu za chifundo cha Mulungu, ngakhale dzina lake sanalimve.

Ana amakonda kuonjeza zawozawo: mbuzi, nkhuku ndi anapiye ake, mayi wosenza mtsuko, mwina ndi njinga yomwe. Asaletsedwe. Ngakhale ng'ombe ndi bulu sizitchulidwa m'nkhani ya Luka 2. Zidalowa m'khola kudzera mwa Akristu akale amene ankawerenga Yesaya 1:3. Papa Francis yemwe, m'kalata ija, adayamikira chizolowezi choika m'khola anthu wamba a masiku onse. Ngati mbuzi ya pakhomo yafika ku Betelehemu, ndiye kuti mwana wamvetsa kuti Mpulumutsi adabadwira a pakhomo pake omwe.

Nthawi ya zonsezi ilipo, ngakhale makolo amati ilibe. Foni imene amapatsa mwana kuti atonthole imadya maola ambiri kuposa dothi. Mu 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe pa kanema kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati angathe kuthandiza pogawa ntchito motsata milungu. Mlungu woyamba wa Adiventi ana amange kholalo ndi mapesi, luzi ndi udzu, pangodya ya nyumba posadontha. Wachiwiri aumbe ziweto. Wachitatu abusa, ndipo madzulo ena wamkulu afotokoze nkhani yawo ndi mawu ake, ana akusuntha zoumbazo. Wachinayi Amayi Maria ndi Yosefe Woyera. Kakhanda kaumbidwe komaliza, kakulungidwe m'khoko la chimanga ndi kubisidwa, chodyera chikhale chopanda kanthu kufikira usiku wa pa 24 Disembala, pamene wamng'ono pa onse adzakagoneke banja likuimba. Nyali kapena kandulo zikhale kutali ndi udzu, ndipo m'manja mwa wamkulu.

Akatswiri a nyenyezi a pa Mateyo 2 asafike msanga. Aikidwe kutali, pawindo kapena pafupi ndi chitseko, ndipo tsiku lililonse mwana aziwasuntha kutalika kwa chikhatho chake chimodzi, kuti adzafike pakhola tsiku la Epifaniya.