Msana wa Dalitso

Mau atsopano: msana, nthiti, minofu, ubongo, nyamalikiti

Werengani nkhani iyi.

Pa Ciweru m'mawa, amai anatuma Dalitso ndi mlongo wake wamng'ono Misozi kukatunga madzi ku pompi. Anawapatsa ndowa ziwiri zazing'ono. Koma Dalitso anasiya ndowa yake. Anatenga cigubu cacikulu ca malita 20.

"Ico n'cigubu ca atate," anatero Misozi. "Simungacikwanitse."

"Ndakula ine! Uona," anayankha Dalitso.

Cigubu citadzala, Dalitso anawerama osapinda maondo. Anacigwira ndi kukoka ndi mphamvu zake zonse.

"Mayo ine, msana wanga!" anakuwa. Anakhala pansi akulira. Misozi anathamanga kukaitana amai.

Amai ao ndi anesi pa kiliniki. Atafika, sanamunyamule Dalitso. Anagwada pafupi naye.

"Gwedeza zala za kumapazi, ndione," anatero amai.

Dalitso anagwedeza zala zonse.

"Nanga ndikakutsina apa, ukumva?"

"Ee, ndikumva. Musanditsine kwambiri, amai!"

Amai anapumira m'mwamba. "Wapweteka minofu cabe. Imirira pang'onopang'ono, tiye kunyumba."

Masana anadya nsima ndi nsomba. Atatha kudya, amai anatenga fupa lalitali la pakati pa nsomba. Analipindira uku ndi uku, koma silinathyoke.

"Uwu ndi msana wa nsomba," anatero. "Yang'anitsitsani. Kodi ndi fupa limodzi?"

Misozi analibweretsa pafupi ndi maso. "Iai, ndi timafupa tambiri tolumikizana!"

"Msana wa munthu nawonso uli conco. Misozi, yendetsa cala pakati pa msana wa mlongo wako, kucokera m'khosi kutsika pansi. Mofatsa."

"Pali timabampu, amai. Tandandalikana ngati mikanda."

"Kabampu kalikonse ndi nsonga ya fupa limodzi. Mwana ali ndi mafupa 33 mu msana wake. M'khosi muli 7. Kumbuyo kwa cifuwa kuli 12, ndipo lililonse limagwira nthiti ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Pamwamba pa ciuno pali 5. Amenewa ndi aakulu kuposa anzao cifukwa amasenza thupi lonse la kumtunda. Pomwepo m'pamene Dalitso akumva kuwawa. Otsala 9 ali pansi penipeni. Munthu akamakula, amenewa amagwirana ndi kukhala mafupa awiri cabe."

Dalitso anaiwala kuwawa. "Nanga nyamalikiti, amai? Ija ya ku South Luangwa imene ili m'buku lathu. Khosi lonse lija, mafupa angakhale 100!"

Amai anaseka. "Ayi ndithu. Ili ndi 7, cimodzimodzi ndi iwe. Kungoti fupa lake lililonse ndi lalitali kwambiri."

Kenaka amai anawauza kuti agwedeze mutu ngati akuvomera. "Mutu wakhala pa fupa loyamba la m'khosi. Ndilo likukuthandizani kunena kuti inde. Tsopano pukusani mutu ngati mukukana. Apo fupa loyamba likuzungulira pa fupa laciwiri."

"Dalitso fupa lake lokanira limagwira nchito kwambiri mukamutuma," anatero Misozi. Onse anaseka.

"Msana ukanakhala fupa limodzi ngati mtengo wa khasu," anapitiriza amai, "simukanatha kumanga nsapato, kusesa kapena kuceuka wina akakuitanani. Fupa lililonse limayenda pang'ono cabe. Koma onse akayenda pamodzi, munthu amawerama kutsogolo, amapendekera kumbali, ndiponso amapotoloka. Amene amakoka mafupawo kuti ayende ndi minofu."

"Kodi mafupawo sakhulana?" anafunsa Dalitso.

"Sakhulana. Pakati pa fupa ndi fupa pali kamtsamiro kofewa. Ukalumpha, timitsamiro timeneti timalandira kugunda kuti mafupa asapweteke. Tsiku lonse thupi limatipsinja. Usiku ukagona timafufumanso. N'cifukwa cake munthu amatalikirako pang'ono m'mawa kuposa madzulo, mwina ndi sentimita imodzi."

Dalitso anakhala cete pang'ono. "Amai, ku pompi kuja munati ndigwedeze zala za kumapazi. Koma ine ndinali kulira msana."

Apa amai analeka kuseka. "Mvetserani bwino nonse awiri. Mafupa a msana ali ndi mabowo pakati. Mabowowo alumikizana ngati paipi. M'paipi imeneyi mumadutsa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Ukafuna kuponya mwendo, ubongo umatumiza uthenga kudzera mu mtsemphawu. Ukaponda munga, uthenga umakwera njira yomweyo. Mtsempha umenewu ukaduka, miyendo ingaleke kuyenda mpaka kalekale. Utagwedeza zala, mtima wanga unakhala pansi."

"Nanga mnzathu akagwa mu mtengo wa mango?" anafunsa Misozi.

"Akamalira khosi kapena msana, musamunyamule. Musamukoke, musamukhazike tsonga. Muuzeni agone mmene alili. Mmodzi akhale naye, wina athamange kukaitana munthu wamkulu."

Madzulo amai anawaphunzitsa kunyamula katundu. Anaima pafupi ndi ndowa. Anapinda maondo, msana uli woongoka. Anagwira ndowa pafupi ndi thupi ndi kuimirira ndi mphamvu ya miyendo.

"Koma cigubu cija ucileke," anauza Dalitso. "Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Cigubu cija ndi makilogalamu 20. Kuli ngati kunyamula Misozi ndi dzanja limodzi."

Patapita masiku atatu, msana wa Dalitso unaleka kuwawa. Anapitanso ku pompi ndi ndowa yake yaing'ono. Itadzala, Misozi anaima patsogolo pake manja ali m'ciuno.

"Maondo, a Dalitso, maondo!" anatero.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi Dalitso anatenga ciani popita ku pompi?
2. Kodi mwana ali ndi mafupa angati mu msana wake?
3. Ndi mafupa angati amene ali m'khosi mwa nyamalikiti?
4. Kodi timitsamiro ta mu msana timagwira nchito yanji?
5. N'cifukwa ciani amai anauza Dalitso kuti agwedeze zala za kumapazi?
6. Mnzanu wagwa mu mtengo ndipo akulira msana. Mungacite ciani?

Tsirizani ziganizo izi ndi mau oyenera: nthiti, maondo, ubongo.

1. Ponyamula ndowa timapinda ________.
2. Mtsempha wa mu msana umacokera ku ________.
3. Munthu ali ndi ________ 24.

Zocita

Khalani m'magulu. Pezani zitsekero za mabotolo 7, cingwe, ndi tizidutswa 6 ta patapata yakale. Aphunzitsi aziboola pakati ndi msomali. Lowetsani cingwe mu citsekero, kenaka m'kacidutswa ka patapata, kenaka mu citsekero cina, mpaka zonse zitatha. Mangani mfundo ku nsonga zonse ziwiri. Mwapanga khosi. Lipindeni uku ndi uku. Tsopano cotsani tizidutswa ta patapata, mumangenso zolimba. Lembani m'mabuku mwanu zimene zasintha.