Amayi akayamba kupeza bwino, musathamangire kugula tikiti

Ana anga amene mukusaka ndalama kuno ku Dar es Salaam, tsiku lina foni idzalira kuchokera kumudzi kuti amayi kapena azakhali awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Wowaperekeza ku Ocean Road Cancer Institute, chipatala cha khansa chimene boma la Tanzania linakhazikitsa mwalamulo mu 1996, mudzakhala inuyo. Ndiye tcherani khutu.

Kuwotcha khansa imeneyi kuli pawiri. Poyamba makina amawomba cheza kuchokera kunja kwa thupi, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata pafupifupi asanu. Kenako pamabwera kwa mkati, kumene madokotala amati brachytherapy. Amalowetsa timachubu kunjira ya amayi mpaka m'chiberekero, makina n'kutumiza kachitsulo kotulutsa cheza, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kuti kakakhale pachotupa penipeni kwa mphindi zowerengeka, n'kukabweza. Mphamvu yambiri imathera pachotupacho, chikhodzodzo ndi matumbo zimangolandira yochepa. Kawirikawiri amatero katatu kapena kanayi.

Ambiri amagwera pamenepa. Gawo loyamba likamatha, magazi amakhala atasiya, fungo latha, ya lendi ndi ya maminibasi a daladala yatheratu, amayi nawo akuopa zitsulo, manyazi awagwira. Amayamba kuchonderera: "Mwanawe, ndachira, ndibwezere kwathu ndikalime." Musalole. Ndaonapo amayi akuwoloka malire pa Songwe akumwetulira, patangopita miyezi ingapo tikusonkha ya maliro. Chotupa chimakhala changophwa, sichinathe. Kuwotcha konse, kwa kunja ndi kwa mkati, kumafunika kuthe mkati mwa masabata 8. Mukamadumphitsa masiku, khansa imapeza mpata wokulanso. Choncho ndalama ya masabata omalizawo isungeni padera tsiku loyamba lomwelo, achibale asonkhe nthawi ikadalipo.

Musawanamize kuti sikupweteka. Kumapweteka, koma mankhwala oletsa ululu alipo, apempheni. Ngati ndinu mwana wamwamuna, pezani mayi mnzawo woti azinong'onezana naye zimene sangakuuzeni. Kachitsuloko kakatuluka, m'thupi simutsala cheza. Angathe kubereka mdzukulu kumsana ndi kudya nanu m'mbale imodzi. Musawasale.

Inu atsikana, magazi akamatuluka mukagona ndi mwamuna kapena isanakwane nthawi yosamba, pitani mukayezetse khomo la chiberekero sabata yomweyo. Ku Malawi katemera wa HPV, woteteza ku khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Imbani foni kumudzi, mufunse ngati ang'ono anu anabayitsa.