Rauta Yokhazikika pa Tebulo: Malangizo kwa Amisiri a Matabwa a m'Malokesheni a Blantyre

Rauta ndi makina a magetsi amene amazunguza kampeni kotchedwa biti mothamanga kwambiri, kuti kakongoletse m'mphepete mwa thabwa ndi kukumba mizere yolowetsamo mapanelo a zitseko. Ambiri a inu ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumaigwira m'manja. Kapepala aka kakunena za njira ina, yogula rauta imodzi n'kuimanga chozondoka kunsi kwa tebulo, biti n'kutulukira pamwamba, osaichotsaponso. Makina amakhala pamalo amodzi, chimayenda ndi thabwa. Amene analandirapo oda ya zitseko khumi zofanana akudziwa phindu lake: mukatchera kamodzi, thabwa loyamba ndi lomaliza amatuluka chimodzimodzi, ndipo timatabwa ting'onoting'ono timene timavuta kupana ndi kalampa timangodutsa bwinobwino.

Posankha

Ya pa tebulo ikhale ya mawati pakati pa 1,600 ndi 2,100. Tija ting'onoting'ono togwira ndi dzanja limodzi, ta mawati 500 kapena 700, n'tosalazira m'mphepete basi, tisalowe kunsi kwa tebulo. Funani yokhala ndi kagudumu kochepetsera liwiro, chifukwa biti yaikulu yojambulira mapanelo siyenera kuthamanga maulendo 22,000 pa mphindi imodzi ngati yaing'ono, imafuna pafupifupi theka la liwiro limenelo. Koleti, kachitsulo kamene kamaluma biti, ikhale ya mamilimita 12 kapena theka la inchi. Chenjerani apa: ziwirizi sizofanana. Theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndipo kota ya inchi ndi 6.35, osati 6. Biti ya 6 mu koleti ya kota ya inchi imaoneka ngati yagwira, koma imatsomphoka makina ali mkati moyenda. Tengani koleti yanu popita kogula mabiti.

Musanalipire, funsani ngati makaboni ndi mabering'i a mtundu umenewo amapezeka ku Limbe kapena m'tauni. Marauta ambiri ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya miyendo yozungulira, pamene masoketi athu ndi a miyendo ya makona anayi. Sinthani pulagiyo, muike ya fyuzi ya maampu 13. Zodula pulagi n'kupanikiza mawaya mu soketi ndi timitengo ta machesi, pamalo podzaza utuchi, tiyeni tizileke.

Za mtengo

Sitingaike mtengo pano. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja amasintha mtengo mosachenjeza. Kawirikawiri za Makita ndi Bosch zimakwera kuposa za Ingco kapena Total, koma zimadaliranso sitolo ndi tsiku. Yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kutchipa, bola muiyatse musanapereke ndalama, mumvere ngati ikukhuluza. Powerengera musaiwale mabiti, amene seti yabwino ikhoza kuyandikira mtengo wa makinawo. Pa mayunitsi a ESCOM, rauta ya mawati 2,000 ikalemedwa ola lathunthu imadya mayunitsi awiri kapena kucheperapo.

Vuto lalikulu: kufuna kumaliza ndi ulendo umodzi

Marauta ambiri amene amapsa m'mashedi mwathu sapsa chifukwa chokhala achinyengo. Amapsa chifukwa mmisiri wakweza biti yonse pamwamba kuti mzere wakuya mamilimita 15 utuluke ulendo umodzi. Chifukwa chake chimamveka. Magetsi angobwera kumene, palibe akudziwa kuti athima liti, kasitomala ali pabenchi akudikira bedi lake. Koma makina sadziwa za kasitomala.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Kulira kwa mota kumatsika, kumayamba kubuula. M'malo mwa timapalapala topyapyala, pamatuluka fumbi lakuda ndi kautsi. Thabwa la mbawa kapena mlombwa limatuluka ndi mzere wopserera, umene mudzaukwecha ndi sandipepa mpaka dzanja kutentha, ndipo mukapaka vanishi umaonekabe. Mukasuzumira kunsi kwa tebulo muona moto ukuthetheka pa makaboni, ndi fungo la waya wopsa. Pofika pamenepo mota yavulala kale. Kukakulungitsa waya watsopano kwa okonza mamota n'kotheka, koma ndalama yapita, masiku a ntchito apita, ndipo nthawi zambiri siibwerera mphamvu yake yakale. Madzulo, pamene nyumba zonse zayatsa zophikira ndipo mphamvu ya magetsi yatsika, vutoli limakula. Pa jenereta yaing'ono ndiye kuposa apo.

Kupsa kwa mota n'kochepa poyerekeza ndi china. Biti ikamizidwa kwambiri, makamaka ikakumana ndi mfundo ya paini wa ku Chikangawa, imaluma thabwa n'kuliponya. Dzanja limene limakankha ndi mphamvu limapitirira lokha kupita pamene panali thabwa, ndipo pamenepo pali biti. Sowo ikadula chala nthawi zina madokotala amakhala ndi posokera. Rauta imachita kupera, sisiya chosoka.

Njira yake ndi yapafupi. Dyani pang'onopang'ono, ngati mmene timayambira phala lotentha, m'mbali. Pa mbawa, mlombwa ndi bulugamu wouma, mamilimita atatu pa ulendo umodzi. Pa paini ndi malaina mukhoza kufika asanu. Mzere wa mamilimita 15 pa mlombwa ndi maulendo asanu, inde asanu, kenako wina womaliza wongopala pang'ono kuti pasalale. Ena amati izi n'zotaya nthawi. Ayi ndithu. Dutsitsani matabwa onse pa muyeso woyamba, kwezani biti, dutsitsaninso onse. Thabwa limayenda lopepuka, mota ikuyimba bwino, m'mphepete mukutuluka mosalala moti sandipepa amangodutsa kamodzi, ndipo biti imene inkabuntha msanga imakhalitsa. Yesani pa chitseko chimodzi, muone nokha kusiyana kwake. Abwana a shedi, anyamata amene mukuwaphunzitsa amatengera zimene inu mumachita magetsi akangobwera. Mukamakweza biti yonse inuyo, iwonso adzatero inu mutapita kogula matabwa.

Biti yobuntha, kapena yomatirira utomoni wa paini, imabweretsa mavuto omwewa ngakhale mukudya pang'ono. Ipukuteni ndi parafini, ikakana kudula isintheni.

Tebulo ndi zina zofunika

Pamwamba pakhale pulayiwudi wokhuthala wosapindika, rauta imangidwe ndi mabawuti, osati misomali. Ikani fensi yowongoka yotsamizirapo thabwa, ndipo thabwa lizilowa kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere, kulimbana ndi kuzungulira kwa biti. Lisadutse pakati pa biti ndi fensi. Timatabwa tating'ono tikankheni ndi kamtengo, osati zala. Mwendo wa biti ulowe mu koleti magawo atatu mwa anayi, ndipo posintha biti zulani pulagi kaye.

Ikani swichi yakeyake kutsogolo kwa tebulo, pofikira dzanja msanga. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, zimitsani swichiyo nthawi yomweyo musanachoke, chifukwa akabwera rauta imadzuka yokha, ndipo m'mashedi a pakhomo ana amasewera pomwepo. Valani magalasi, zotseka m'makutu ndi chophimba mphuno. Kumapeto kwa tsiku chotsani utuchi m'timabowo topumira mota, popeza rauta yozondoka imalandira fumbi lonse logwa kuchokera pamwamba.