Patani ya Zoluka: Momwe Imawerengedwera ndi Momwe Imayendera

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, chisanu chitayamba kuluma ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Thyolo, ulusi umayenda malonda. Amayi oluka amakhala pakhonde, mpukutu wa wulu atauika m'jumbo kuti usagubuduke pafumbi, chala chamkombaphala chili m'mwamba kugwira ulusi, kasingano ka ngowe kakulowa ndi kutuluka. M'manja mmenemo mumatuluka zipewa za ana, masokosi, mashawelo, zikwama, madoilo oyala pamipando, ngakhalenso mabulangete athunthu. Luso limeneli pa Chingerezi amati crochet. Limasiyana ndi kuluka majuzi ndi singano ziwiri zazitali. Kuno singano ndi imodzi, ndipo nthawi zambiri imanyamula kamphete kamodzi kokha ka ulusi. Singano ikapulumuka, woluka amangoibwezera m'kampheteko n'kupitiriza.

Ambiri mwa oluka sanaphunzire m'buku. Anaphunzira kwa amayi awo, kwa azakhali, kapena kumsonkhano wa Mvano, Chigwirizano kapena Dorika. Mayi akasirira chipewa cha mwana wa mnzake kusikelo, amachibwereka, n'kuchitembenuza, n'kuwerenga mizere ndi chala. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, koma imafuna kuti chipewacho kapena mwini wake akhale pafupi. Akasamuka, lusolo lapita naye. Patani yolembedwa imathetsa vuto limeneli, chifukwa ndi kuwerengera komwe kuja kwa chala, koma koikidwa papepala: sitichi yanji, zingati, ndiponso zilowe pati.

Mapatani oyamba odziwika a luso limeneli anasindikizidwa mu 1823 m'magazini ya amayi yotchedwa Penélopé, ku Amsterdam m'dziko la Netherlands. Mu 1846 mayi wina, Eleonore Riego de la Branchardière, anayamba kutulutsa mabuku a mapatani ku England. Nthawi yomweyo ku Ireland kunali njala yoopsa, imene inayamba mu 1845 mbatata yakachewere itagwidwa matenda. Masisitere ndi anthu ena achifundo anaphunzitsa amayi ndi ana kuluka malesi kuti azigulitsa, ndipo mabanja ambiri anapeza chakudya mwa njira imeneyo. Mabanja ena ankabisa kalukidwe ka duwa lawo kuti anzawo asawalande msika. Kuumira patani sikunayambe lero.

Munthu wofuna kuwerenga patani ayenera kuyamba wadziwa masitichi ochepa, chifukwa ena onse amachokera pa omwewa. Yoyamba ndi tcheni: woluka amakola ulusi ndi ngowe n'kuukoka kudzera m'kamphete kali pasingano. Patani imalemba ch. Yachiwiri ndi sitichi yotsekera, imene imalumikiza mapeto a mzere ndi chiyambi chake popanda kuwonjezera msinkhu, ndipo imalembedwa sl st. Kenako pali sitichi yaifupi, sc, yolimba ndi yothinana, yoyenera zikwama kuti ndalama zachitsulo zisamagwe. Pomaliza pali sitichi yaitali, dc. Poiluka, woluka amayamba wakulunga ulusi pasingano kamodzi, n'kulowetsa singano m'sitichi ya pansi, n'kukoka ulusi. Apa pasingano pali timphete 3. Amakolanso ulusi n'kudutsitsa m'timphete 2, n'kukolanso n'kudutsitsa m'timphete 2 totsala. Sitichi yaitali imafulumizitsa ntchito ndipo imatulutsa choluka chofewa, n'chifukwa chake mashawelo ndi mabulangete ambiri amalukidwa ndi iyo.

Zilembo zimenezi zikatsatana ndi manambala, zimaopsa pongoziona, koma zimawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, chimodzichimodzi. Pakalembedwa ch 3, 2 dc, ch 2, ndiye kuti tcheni 3, masitichi aatali 2, kenako tcheni 2. Kanyenyezi kakaoneka, kakusonyeza poyambira chigawo choti chibwerezedwe, ndipo patani imanena kuti chibwerezedwe kangati. Nambala imene imakhala kumapeto kwa mzere ndiyo yofunika koposa, ngakhale oyamba kumene amakonda kuidumpha. Imanena kuchuluka kwa masitichi amene ayenera kupezeka mzerewo ukatha.

Chitsanzo chabwino ndi sikweya ija azungu amaitcha granny square, imene inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970. Woluka amayamba ndi tcheni 4 n'kutseka kuti pakhale kabowo. M'kabowomo amalukamo timagulu 4 ta masitichi aatali, kagulu kalikonse masitichi 3, ndipo pakati pa kagulu ndi kanzake amaika tcheni 2. Malo a tcheni 2 aja ndiwo ngodya. Poyambira mzere, tcheni 3 zimawerengedwa ngati sitichi yaitali imodzi. Mzere woyamba ukatha pali masitichi 12. Pa mzere wachiwiri, ngodya iliyonse imalandira timagulu 2, ndiye masitichi amakwana 24. Pa wachitatu, ngodya zimalandiranso timagulu 2, koma mbali iliyonse ili ndi mpata pakati umene umalandira kagulu kamodzi, ndipo onse pamodzi ndi 36. Mzere uliwonse ukuwonjezera 12. Woluka akapeza 33 m'malo mwa 36, adziwe kuti penapake wadumpha kagulu, ndipo ndi bwino kuphwasula pomwepo. Akapitiriza, sikweyayo imapindika mbali imodzi, ndipo ngakhale simbi siingaiwongole.

Pali msampha umodzi umene wagwetsa ulesi oluka ambiri odziwa ntchito. Mapatani a ku America ndi a ku Britain amagwiritsa ntchito zilembo zofanana pa masitichi osiyana. Ku America dc ndi sitichi yaitali, koma ku Britain dc ndi sitichi yaifupi, ndipo yaitali amailemba tr. Mabuku akale ochokera ku Britain ndi mapatani ambiri a ku South Africa amatsata njira ya ku Britain, pomwe makanema ambiri a pa YouTube amatsata ya ku America. Wosokoneza ziwirizi akhoza kutsatira patani bwinobwino, osalakwitsa nambala ngakhale imodzi, koma choluka n'kutuluka chachifupi pafupifupi theka la msinkhu wake. Njira yozindikirira ndi yosavuta. Patani ikakhala ndi sc penapake, ndi ya ku America, chifukwa ya ku Britain ilibe sc.

Mapatani ena salemba mawu n'komwe, amajambula. Kadzira kopingasa ndi tcheni, kadontho kakuda ndi sitichi yotsekera, kamtanda ndi sitichi yaifupi, ndipo chilembo T chokhala ndi kamzere kamodzi pakati ndi sitichi yaitali. Chojambulacho chimaoneka monga momwe cholukacho chidzaonekere, ndipo chikakhala chozungulira chimawerengedwa kuyambira pakati kupita kunja. Mabuku a ku Japan amakonda njira imeneyi, moti mayi wa ku Mchinji akhoza kuluka doilo kuchokera m'buku la ku Tokyo asakudziwa liwu limodzi la Chijapani. Kwa amene angoyamba kumene sukulu ya kwacha, patani yojambula ndiyo poyambira pabwino, chifukwa imangofuna maso ndi kuwerenga manambala.

Komabe anthu awiri akhoza kutsata patani imodzi n'kutulutsa zinthu zosiyana kukula. Zifukwa zake ndi singano, ulusi ndi dzanja. Kukula kwa singano kumalembedwa pa chogwirira chake m'mamilimita. Ya 1.5 kapena 2 ndi ya ulusi wopyapyala wa madoilo, ya 4 imayenda bwino ndi wulu wapakatikati wa zipewa, ndipo ya 6 kupita m'tsogolo ndi ya wulu wonenepa. Kapepala kokulunga mpukutu kamanena kulemera kwake, kawirikawiri magalamu 50 kapena 100, ndi singano yoyenera. Palinso nambala ya mphika umene ulusiwo unanyikidwa mu utoto. Mipukutu iwiri yofiira ya manambala osiyana imaoneka yofanana m'sitolo, koma pa bulangete loyanika padzuwa kusiyana kwake kumaonekera patali.

Za dzanja ndiye palibe kapepala kangathandize. Wina amaluka mothina, wina motayirira. N'chifukwa chake patani yabwino imanena kuti pa masentimita 10 pazikhala masitichi angati ndi mizere ingati. Woluka amayamba waluka kachidutswa koyesera n'kukayeza ndi tepi. Masitichi akachuluka kuposa amene anenedwa, dzanja lake ndi lothina, ndipo atenge singano yokulirapo. Akachepa, atenge yocheperapo. Kuyesa kumeneku n'kofunika kwambiri kwa amene amagula majuzi pa kaunjika n'kuwaphwasula kuti apeze wulu, chifukwa ulusi wotero ulibe kapepala. Umatulukanso wopotanapotana, ndipo umafunika kuukulunga m'nkhata, kuunyika m'madzi ofunda ndi kuuyanika pamthunzi kuti uwongoke.

Chipewa chimafunanso masamu pang'ono. Chimayambira pa liwombo ngati chinthu chozungulira chafulati: masitichi aatali 12, kenako 24, 36, 48. Funso ndi lakuti kuwonjezera kulekere pati. Woluka ayeze mutu mozungulira, agawe nambalayo ndi 3, n'kuchotsapo sentimita imodzi kapena ziwiri popeza choluka chimatamuka. Mutu wa munthu wamkulu ukakhala masentimita 57, kugawa ndi 3 kumapereka 19, ndiye chozunguliracho chikafika masentimita 17 m'mimba mwake asiye kuwonjezera. Kuyambira apo mzere uliwonse ukhale ndi masitichi ofanana, ndipo chipewacho chimayamba chokha kupindikira pansi. Mutu wa khanda longobadwa kumene umakhala pafupifupi masentimita 35, choncho liwombo la chipewa chake ndi masentimita 10 kapena 11. Ana obadwa masiku asanakwane, amene amasamalidwa pachifuwa cha mayi mwa njira ya kangaru, amafuna tizipewa tocheperapo, ndipo kwa iwo chipewa si chokongoletsera ayi, chimathandiza kusunga kutentha kwa thupi.

Bulangete ndi nkhani ya kuchulukitsa. La mwana la masentimita 80 m'lifupi ndi 100 m'litali, masikweya ake akakhala a masentimita 10, limafuna 8 kuchulukitsa ndi 10, amene ndi masikweya 80. Apa ndi pamene kugawana patani kumaonetsa phindu lake, chifukwa amayi 10 atagwirizana kukula kwa sikweya, aliyense n'kuluka 8 kunyumba kwake, bulangete latha m'masiku ochepa. Bungwe la Knit-a-Square, limene linayamba mu 2008, limagwira ntchito mwa njira yomweyi. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana, osadziwana n'komwe, amaluka masikweya a masentimita 20 n'kuwatumiza ku South Africa, komwe masikweya 35 amasokedwa pamodzi kukhala bulangete la mwana wovutika. Chimene chimawagwirizanitsa ndi nambala imodzi yokha ija, 20. M'dziko lomwelo, gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day, limene analiyambitsa Carolyn Steyn, linayala mabulangete olumikizana pa Union Buildings ku Pretoria mu Epulo 2015. Anakuta malo okwana masikweya mita 3,377, pafupifupi theka la bwalo la mpira, ndipo pambuyo pake anagawidwa kwa anthu osowa chofunda.

Masiku ano mapatani ambiri amayenda pa foni. Pa intaneti pali Ravelry, imene inayamba mu 2007, komwe oluka amaikako mapatani, ena aulere ena ogulitsa. Ambiri kuno amangotumizirana zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook. Chithunzi chokha cha chikwama chokongola si patani, ndipo wochitumiza amachita bwino kujambulanso pafupi, masitichi akuoneka, ndi kujambula kuseri kwake. Kanema amathandiza kuona kayendedwe ka dzanja, koma amadya bandulo, moti wanzeru amaonera kamodzi atagwira cholembera, n'kukopera manambala m'kope. Pali ulemu wake pa nkhani imeneyi. Patani yogulitsa ndi ntchito ya munthu amene anakhala pansi kuyesa ndi kuphwasula mpaka zitatheka, ndipo kuimwaza pa gulu popanda chilolezo ndi kumudyera thukuta. Yaulere ikhoza kugawidwa, koma dzina la mwini wake lisafufutidwe.

Mayi amene ali ndi kalukidwe kake akhozanso kulemba patani, ngakhale m'Chichewa, pa tsamba limodzi la kope. Pamwamba alembe dzina la chinthucho ndi kukula kwake m'masentimita. Atchule singano, mtundu wa ulusi ndi mipukutu imene inalowa. Ngati wagwiritsa ntchito zilembo zachidule, anene ngati ndi za ku America kapena za ku Britain. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake, ndi kuchuluka kwa masitichi kumapeto. Ena amasokerera kachidutswa koyesera pakona ya tsambalo kuti wowerenga akhudze ndi kuyeza yekha. Akamaliza, apereke kopelo kwa mnzake amene sanaonepo chinthucho, ndipo iye akhale chete osamuthandiza. Paliponse pamene mnzakeyo waima n'kufunsa, alembepo chizindikiro ndi pensulo, chifukwa pamenepo pali nambala kapena mawu amene anatsalira m'mutu mwa wolemba, ndipo ayenera kuwonjezedwa kopelo lisanapite kwa munthu wachitatu.