Mame ndi Nthenda ya Anyezi

Anzanga amene timalima nao dimba la sukulu akukumbukira cimene cinagwera anyezi wathu m'mwezi wa June. Anali wobiriwira bwino, koma patapita masabata awiri masamba anagwa pansi monga awathira madzi otentha. Ena anati mbeu inali yoipa, ena anati tinacepetsa ndowe. Onsewo anaphonya. Anyeziyo anagwidwa ndi nthenda ya cuku imene Angerezi amaicha downy mildew.

Mukapita ku dimba m'mamawa dzuwa lisanakwere, mudzaona pa tsamba lodwala kaubweya kotuwa, kofiirira pang'ono. Kaubweyako ndi timbeu ta nthendayi, timene mphepo imatenga ndi kukatula pa anyezi wina. Timbeuti timabadwa usiku wokha, ndipo sitingamere pa tsamba louma. Pamenepa ndi pamene pali mwai wathu, pakuti munthu wodziwa kupenya nyengo angathe kudziwa tsiku limene nthenda yalowa, asanaone banga ngakhale limodzi.

M'caka ca 1987 akatswiri awiri a ku Ontario, m'dziko la Canada, Jesperson ndi Sutton, analongosola njira yolosera nthendayi, dzina lace DOWNCAST. Amafunsa motere: Kodi dzulo masana kutentha kunali kosapitirira madigiri 24? Kodi usiku, kuyambira 2 koloko kufikira 6 koloko, cinyezi ca mu mpweya cinafika 95 pa 100? Ngati ndi conco, ndipo sikunagwe mvula yokokolola timbeuto, ndiye kuti tabadwa. Tsono mame akakhalitsa pa masamba maora angapo, timamera ndi kulowa m'kati. Apa ndi pamene ambirife timanyengeka, cifukwa nthenda imabisala masiku 9 kufikira 16 isanaoneke. Anyezi amene tinkamuyamikira uja anali atadwala kale.

Taganizirani masiku a ciperoni: masana mitambo ndi kuzizira, usiku nkhungu, masamba onyowa mpaka nthawi ya phunziro lacitatu. Nyengo yoposa imeneyi nthendayi siingaifune. Ndipo ife tinaithandiza, pakuti tinkathirira madzulo titaweruka, ndi kuwaza madzi pamwamba pa masamba, ndiponso tinaoka mothithikana kuti bedi lioneke lodzala pamaso pa aphunzitsi.

Mankhwala a kopa kapena Dithane amacinjiriza tsamba la moyo, koma saciritsa limene ladwala kale. Cifukwa cace ayenera kupoperedwa nyengo ikayamba kucenjeza, osadikira mabanga. Ndipo m'masiku ouma ndi otentha kupopera nkutaya ndalama cabe.

Cipangizo coyezera cinyezi ife tiribe, koma coyezera kutentha ciripo m'cipinda ca sayansi, ndipo maso tiri nao. A Fomu 3 tagula kabuku kolembamo kutentha kwa masana ndi ora limene mame auma. Bedi la caka camawa tidzalisamutsira kumtunda, cifukwa nthendayi imatsalira m'nthaka ndi m'zinyalala za anyezi. Tikufuna anyamata kapena asungwana awiri odzuka belu lisanalire. Wolola akalembetse dzina lace kwa kapitao wa dimba.